Galimoto ya Maliro Pakati pa Makoni

A Chifatse anali atayendetsa galimoto yonyamula maliro kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo giya yachinayi ankangoidziwa ngati m'bale wakutali woonana naye kamodzi pachaka. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, chifukwa chilichonse ankachita mwachifatse: kuyenda, kuyankhula, ngakhale kuyetsemula. Anali munthu wamtali, woonda, wa suti yakuda imene inayamba kuwala m'zigongono. Kampani inali ya alamu awo, mkulu wake wa akazi awo, mayi wamfupi wa mawu aakulu amene ankagulitsa mabokosi ngati akugulitsa mipando ya pabalaza.

Chovuta pa ntchitoyi sanali akufa. Akufa alibe mwano. Chovuta chinali poimika galimoto. Akaimika pa golosale, mwini wake ankatuluka msangamsanga, manja ali pachifuwa: “Achimwene, tasunthani pang'ono, makasitomala akubwerera panjira.” Akaimika pafupi ndi nyumba ya munthu, makatani ankayamba kugwedezeka mazenera onse. Ndiye a Chifatse anadzipezera malo awoawo, bwalo lalikulu la phula kuseri kwa fakitale ya nsapato imene inatsekedwa kalekale. Kumeneko ankatsegula chitseko, n'kutambasula miyendo, n'kumamwa tiyi wa m'fulasiki popanda wowathamangitsa.

Lamlungu lina masana, akuchokera kokatula maliro, anapeza bwalo lawo lalandidwa. Panali magalimoto khumi ndi awiri, ndipo phula lonse linali litadzalidwa makoni, tizipilala ta pulasitiki tofiira timene amaika pamsewu akamakonza. Kagalimoto kena kankakhotakhota pakati pa makoniwo, matayala akulira ngati nkhumba yogwidwa mwendo.

Galimoto yakuda itangolowa pageti, nkhani zonse zinatha. Bambo wina anavula chipewa. Wina anayamba kuyang'ana anzake mmodzimmodzi, kuona ngati onse alipo.

Amene analimba mtima anali mayi wina wa magalasi, wonyamula kope ndi wotchi yowerengera masekondi. Ankaphunzitsa masamu ku sekondale, ndipo onse ankangowatcha Aphunzitsi.

“Mwadzera ndani, bambo?”

“Palibe, mayi. Ndimadzamwera tiyi kuno.”

Aphunzitsi anaseka mpaka kupukuta magalasi. Kenaka anawafotokozera za masewerawo. Linali gulu la anthu okonda kuthamangitsa magalimoto awo a tsiku ndi tsiku. Galimoto inkalowa imodziimodzi, ndipo mdani wake anali wotchi. Ukagwetsa koni ankakuwonjezera masekondi awiri. Ukasochera njira, ulendo wonsewo wapita pachabe. Aliyense anali ndi maulendo atatu, ndipo ankatengapo wabwino koposa.

A Chifatse anathira tiyi, n'kutsamira boneti kuti aonerere.

Wotsatira anali Wapampando wa gululo, mwini sitolo zitatu za matailosi. Anavala ovolosi yoyera yodzaza ndi zizindikiro za makampani amene sanamvepo dzina lake, magolovesi ofiira, ndi tinsapato topyapyala ngati ta wovina. Galimoto yake inali yabuluu, yotsika mimba, ndi chiphiko kumbuyo chofanana ndi thabwa lositirapo zovala. Asanakwere, anasonkhanitsa anzake n'kuwaphunzitsa kwa mphindi khumi, akukhotetsa dzanja m'mwamba ngati nsomba. Kenaka ananyamuka ndi mkokomo woti mbalame zonse za padenga la fakitale zinabalalika. Pokhota poyamba anafika ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi, anaponda buleki mochedwa, galimoto inakana kukhota, ndipo koni inalowa pansi n'kumakwekwerezeka bwalo lonse. Pofika kumapeto anali atagwetsa makoni atatu.

“Akuchedwa kuponda buleki,” anatero a Chifatse. “Komanso akuyang'ana koni m'malo moyang'ana kumene akupita.”

Iwo ankaganiza kuti anenera mumtima, koma mawu anali atatuluka. Tsono Aphunzitsi anali munthu wokonda kusonkhezera moto. Wapampando atangovula chipewa chake cholimba, mayiwo anabwereza mawu onsewo mokweza ngati akuwerenga zotsatira za mayeso.

Wapampando anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali a Chifatse, koma anaima patali ndithu ndi galimoto yakudayo.

“Bambo inu, anthu amene mumanyamula safulumira kulikonse. Mukudziwa chiyani za liwiro?”

“Za liwiro sindidziwa, bwana. Ndimangodziwako za kulemera.”

“Ndiye lowani, tiphunzire.”

A Chifatse anayang'ana tiyi wawo. Anafuna kupepesa n'kumapita, koma anthu onse anali atawazungulira, ndipo ena ankaseka kale. Anatseka fulasiki.

Tsono panabuka nkhani ya galimoto. Dokotala wina wa mano, amene nthawi zambiri ankapambana, anati kilatchi yake sinali bwino. Loya wina wa ndevu zometa mwaluso anati inshuwalansi yake siilola. Ena onse anangoyang'ana kumwamba. Aphunzitsi anatsegula kabuku ka malamulo n'kuwerenga: galimoto iliyonse ya matayala anayi, yokhala ndi mabuleki ndi malamba. Za mtundu wa okwera, kabukuko sikananene kanthu.

“Alowe ndi yawo yomweyo,” anatero.

Dokotala wa mano ndiye anali woyeza magalimoto asanalowe. A anthu ena ankawagwedeza matayala n'kusuzumira mu injini, koma iyi anaiyeza ataima mapazi asanu kutali, n'kunena kuti yakhoza. Lamulo linkati zinthu zonse zosamangirira zitsitsidwe, ndiye a Chifatse anatulutsa nkhata ziwiri za maluwa a pulasitiki, zitsulo zoikapo bokosi, ndi tsache, n'kuzisanjika bwinobwino pafupi ndi mzere womalizira. Loya anawabwereka chipewa cholimba atachigwira ndi zala ziwiri.

“Musavutike kubweza,” anatero. “Ndili nacho china kunyumba.”

Panatsala lamulo limodzi: mlendo aliyense, ulendo wake woyamba, azikwera ndi katswiri. Akatswiri onse mwadzidzidzi anakumbukira kuti zingwe za nsapato zawo zamasuka. Aphunzitsi anapatsira dokotala wotchi, n'kukakhala pampando wakutsogolo.

Mbendera itagwa, chala cha a Chifatse chinapita chokha pa batani la magetsi ophethira a ngozi. Galimoto inanyamuka mwaulemu, magetsi akuphethira, n'kumadutsa pakati pa makoni ngati ikutsogolera kwaya. Amuna oimirira m'bwalo kuti azidzutsa makoni anaweramitsa mitu pamene inkawadutsa. Wotchi inati masekondi 81, ndipo kuseka kunamveka mpaka kumsewu.

“Bambo,” anatero Aphunzitsi akumasula lamba, “kumbuyoku kulibe munthu. Pondani.”

A Chifatse anakhala okha m'galimoto, manja ali pa chiwongolero. Kuseka sikunawapweteke kwenikweni. Chimene chinawadabwitsa n'chakuti njira yonse anali ataiona bwinobwino, ndipo thupi lawo linkadziwa chochita pokhota paliponse.

Nzeru imeneyi anaiphunzira mowawa. Chaka chawo choyamba pa ntchito ananyamula maliro a bambo wina wonenepa, mayi wamasiye atakhala kutsogolo. M'kati mwa galimotoyo, kumbuyo, muli timawilo toyendetsapo bokosi, ndipo tsikulo chotchingira sichinamangidwe bwino. Pa mphambano ina galu anadumpha msewu, iwo n'kuponda buleki mwankhanza. Bokosi linathamanga n'kudzagunda galasi la kuseri kwa mutu wawo, gu! Mayi uja anakuwa kuti amuna ake akufuna kutuluka, ndipo anatsika galimoto isanaime n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo a Chifatse ankayendetsa ndi msana. Ankamva kulemera kwa galimoto kukupita kutsogolo akaponda buleki, kukubwerera akaponda mafuta, kukutsamira mbali akakhota. Anaphunzira kumaliza buleki msewu ukadali wowongoka, kukhotetsa chiwongolero kamodzi kokha osachigwedeza, ndi kuponya maso kutali kuti chilichonse chisawadzidzimutse.

Ulendo wachiwiri anazimitsa magetsi aja. Anaponda mafuta mpaka pansi, ndipo injini yaikulu imene kwa zaka zonsezi inkangong'ung'udza inabangula ngati yatulutsidwa m'ndende. Pokhota poyamba anachepetsa liwiro msanga, mwina msanga kwambiri, koma galimoto inakhota mosakana, ndipo anatulukapo akuponda kale mafuta. Pa mzere wa makoni asanu odutsa mokhotakhota, maso awo anali pa koni yachitatu pamene matayala anali pa yoyamba. Chigalimoto chachitalicho chinapendekera kumanzere, kumanja, kumanzere, makatani ake oyera akuvina m'mazenera. Wotchi inati 63. Oseka anachepa.

Ulendo wachitatu anazindikira kuti m'chipewa muja akuimba. Sankadziwa kuti ndi nyimbo yanji, koma sinali ya maliro. Atadutsa mzere womalizira anakhala kaye m'galimoto kudikira kuti nkhope ibwerere m'malo mwake, poti anazolowera kuti munthu satsika m'galimoto imeneyi akumwetulira.

Aphunzitsi anawerenga zotsatira ndi mawu a m'kalasi. Dokotala wa mano 49. Wina 53, wina 55. A Chifatse 57, opanda koni ngakhale imodzi. Wapampando 52, kuwonjezapo makoni atatu, 58. Pa anthu khumi ndi atatu, galimoto ya maliro inali yachinayi.

Komiti inakumana nthawi yomweyo pamthunzi wa chipupa cha fakitale. Anakambirana kwa mphindi makumi anayi, loya akuloza m'kabuku, Wapampando akuloza kumwamba. Potuluka analengeza kuti pofuna chilungamo, gululo lakhazikitsa chigawo chatsopano cha magalimoto a ntchito zapadera, ndipo nthawi za chigawo chimenechi sizidzayerekezedwa ndi za ena. M'chigawomo munali munthu mmodzi. Anawaombera m'manja a Chifatse chifukwa chopambana, n'kuwapatsa kachikho kotsala ku mpikisano wina, kokhala ndi kamunthu kosewera gofu pamwamba pake.

Lolemba m'mawa alamu anawaitanira mu ofesi. Anali atakhala kuseri kwa tebulo, foni ili m'manja.

“Alamu, tayang'anani apa. Galimoto iyi ndi ya ndani?”

Wina anali atajambula kanema, ndipo inali itayenda kale m'mafoni a anthu. A Chifatse anaona galimoto ya kampani ikukhota mopendekera, makatani ali m'mwamba. Anayamba kuganiza za mmene akafotokozere akazi awo kuti achotsedwa ntchito ndi mkulu wawo yemwe.

“Ndinalakwitsa, alamu. Kumbuyo kunalibe munthu, komabe ndinalakwitsa.”

Mayiwo anaonera kanemayo kachiwiri, kenaka kachitatu, atakwinya nkhope.

“Anthu zikwizikwi aonera chinthu ichi,” anatero, “koma nambala yathu ya foni siikuwerengeka. Zilembo zing'onozing'ono ngati za pa botolo la mankhwala. Lero lomwe mupite nayo kwa wolemba zikwangwani. Ndipo Lamlungu likubwerali muzidutsa pafupi ndi wojambulayo.”

Choncho a Chifatse anayamba kupita Lamlungu lililonse limene kunalibe maliro masana, ndipo nthawi zonse ankapambana chigawo chawo. Ena ankawapatsa moni mwaulemu koma osagwirana chanza. Wapampando ankawadutsa ngati sakuwaona, n'kumapitiriza kugwetsa makoni. Anagula matayala atsopano, anagwetsa atatu. Anasintha chiphiko n'kuika chachikulu, anagwetsa anayi.

Lachitatu lina, cha m'ma teni koloko, a Chifatse akutsuka galimoto kuseri kwa ofesi, anamva munthu akutsokomola. Anali Wapampando, atavala magalasi akuda ndi chipewa chotsikira kumaso.

“Ndimangodutsa,” anatero. Anayang'ana ndowa, anayang'ana payipi. “Zija munkanena za kulemera zija. Sikuti sindizidziwa ayi. Ndimangofuna ndimve mmene mumazinenera inuyo.”

“Sindidziwa kuzinena, bwana. Koma ndingakuonetseni.”

Anatenga bokosi lopanda kanthu m'chipinda chosungira, lotsika mtengo koposa onse, n'kuliika pa timawilo tija osamanga chotchingira. Kuseri kwa ofesi kunali bwalo lapakatikati, ndipo anandandalika ndowa zisanu ndi matayala akale. Kenaka anapereka makiyi.

Wapampando anakhala pampando ngati wakhalira minga. Ananyamuka mwamphamvu monga mwa chizolowezi, bokosi n'kuthamangira kumbuyo, gu! Anadzidzimuka n'kuponda buleki, bokosi n'kubwerera, gu! kuseri kwenikweni kwa khosi lake.

“Mayo! Muli munthu m'menemu?”

“Mulibe, bwana. Ndinu nokha mukugogoda.”

Anazungulira bwalolo kwa ola lathunthu. Pokhota paliponse bokosi linkawayankha. A Chifatse sankayankhula zambiri. “Buleki pano, osati uko. Tsitsani phazi ngati mukuponda pamimba pa mwana. Maso kutsogolo, ndowayo siithawa.” Thukuta linanyowetsa malaya a Wapampando mpaka m'chiuno. Chakumapeto anazungulira kamodzi konse bokosi lili zii, ndipo anatembenuka kuyang'ana a Chifatse ndi nkhope ya mwana wa sukulu amene wakhoza samu koyamba.

Chimene anaiwala chinali chakuti galimoto yake yabuluu, imene tauni yonse inkaidziwa ndi chiphiko chake, anaisiya kutsogolo kwa ofesi, pansi penipeni pa chikwangwani. Atayatsa foni anapeza mauthenga makumi atatu. Ena ankati mitima yawo ili naye. Ena ankafunsa kuti mwambo uli liti. Antchito a m'sitolo yake ina anali atatseka kale zitseko. Kenaka foni inalira, ndipo mawu a mkazi wake anamveka mpaka pamene panaima a Chifatse.

“Bambo a ana, pakhomo pano padzaza anthu! Akuti mukusankha bokosi. Amayi anga akhala pano akumwa tiyi, ndipo anthu akumawayang'ana modabwa. Wamwalira ndani?”

“Palibe, mayi. Ndinali... ndinali pa msonkhano wa bizinesi.”

Ali pakati pofotokoza, alamu anatulukira pakhomo la ofesi. Anamuyang'ana Wapampando kuchokera kumutu mpaka kumapazi, monga ankachitira ndi aliyense, n'kunena mokoma mtima kuti munthu wa msinkhu wake ndi mapewa otero amafunika bokosi loitanitsa mwapadera, ndipo anzeru amasankhiratu mtundu wa thabwa akadali ndi mphamvu. Wapampando anachoka osatsanzika.

A Chifatse anaganiza kuti zathera pomwepo. Koma Lachitatu lotsatira munthu uja anabweranso, wapansi, kudzera pageti la kuseri limene amalowetsera matabwa. Anabwera kanayi konse. Ulendo womaliza ankayendetsa akuimba mluzu, bokosi lili chete, ndipo pochoka anagwira a Chifatse paphewa, n'kuwapempha kuti nkhaniyi ikhale ya anthu awiri.

Lamlungu la kumapeto kwa mwezi kunabwera anthu ambiri kuposa kale, ena atangomva za galimoto ya maliro. Alamu nawo anabwera ndi ambulera ndi mpando wopinda. Anayenda pakati pa oyendetsa akugawa timakadi ta kampani, ndipo poona kuti aliyense akubisa manja m'thumba, anangotilowetsa pansi pa mawaipa a galimoto iliyonse.

Wapampando atalowa m'bwalo, anthu anadabwa. Mkokomo unachepa, matayala sanalire kwenikweni, ndipo amuna odzutsa makoni, amene anali atakonzeka kale kuthamanga, anangoima manja ali m'chiuno. Wotchi inati 51, popanda koni. Anakhala wachiwiri, kumbuyo kwa dokotala wa mano yekha.

Anatsika ngati wachokera kunkhondo. Anakwera pa tayala lakale, n'kuitana onse, makamaka achatsopano.

“Anzanga, mwaona nokha. Iyi ndi njira ya akatswiri a kunja. Ndakhala ndikuifufuza kwa miyezi, m'mabuku ndi m'makanema. Chinsinsi chake ndi kulemera kwa galimoto. Muziyerekeza kuti kumbuyo mwanyamula...” Anaima kaye, maso ake n'kukumana ndi a a Chifatse. “Mwanyamula mazira.”

Anthu anaomba m'manja. Loya ankalemba m'foni.

A Chifatse sankayembekeza chikho china, koma kungotchulidwa dzina kukanakwana. Aphunzitsi, amene anali ataona kalekale kuti kayendetsedwe katsopanoka kafanana ndi ka ndani, anatseka kope lawo mwamphamvu.

“Ine ndinena,” anatero. “Mabuku ake ati? Munthu uyu kabuku ka malamulo komwe sanakamalize.”

“Alekeni, mayi,” anatero a Chifatse. “Ine anthu ndimangowafikitsa. Palibe amene anabwererapo kudzathokoza.”

Aphunzitsi anawayang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuseka mopukusa mutu. Kenaka anatsegulanso kope.

“Chabwino. Chigawo cha ntchito zapadera, konzekani. Onse amene muli m'chigawochi mufole pamzere.”

A Chifatse anavula jekete, n'kulipinda bwinobwino pampando. Akumanga lamba, chitseko cha mbali inayo chinatseguka, ndipo alamu analowa, atavala chipewa cholimba cha dokotala wa mano chimene anachitola pa boneti osapempha.

“Galimoto ndi yanga,” anatero. “Ndione kumene matayala anga amathera.”

Mbendera inagwa. Pokhota poyamba mayiwo anagwira chitseko ndi manja onse awiri n'kuitana mayina a abale awo amoyo ndi akufa. Pa makoni asanu aja anasiya kupemphera. Pofika pa chigawo chowongoka chomaliza ankamenya dashibodi ndi chikhatho, akukuwa kuti, “Pondani, alamu! Mukuopa chiyani? Pondani!”

Wotchi inati 55, nthawi yabwino koposa imene a Chifatse anapangapo. Palibe amene anaiyerekeza ndi ya wina aliyense, poti malamulo sankalola. Alamu anatsika wigi itapendekera mbali imodzi, n'kukhala pa mpando wawo wopinda. Atapuma mokwanira anawakumbutsa a Chifatse kuti mawa kuli maliro awiri, oyamba naini koloko, ndipo galimoto ifike yotsukidwa.